Kalata yotseguka kwa Mkulu wa Yunivesite ya zaulimi ya LUANAR: kafukufuku wanu afike pa msika

Olemekezeka,

Ndikukulemberani ngati mmodzi mwa anthu amene timadya za malonda a chakudya, ndipo pempho langa ndi limodzi. Kafukufuku amene ophunzira ndi aphunzitsi anu amachita ku Bunda ndi ku NRC (Natural Resources College) atsatire mbewu ikachoka m'munda, mpaka pa msika, m'lesitilanti ndi pa chiwaya.

Maphunziro a zaulimi m'dziko muno akhala akulimbikira kwambiri pa kuchulukitsa zokolola: mbewu yamakono, feteleza, kapandidwe ka mizere, kubzala chimanga chimodzi pa phando. Zimenezi n'zofunika, ndipo alangizi amene munawaphunzitsa agwira ntchito yooneka. Za kasungidwe ka chimanga nazonso zayenda, poti alimi ambiri tsopano akudziwa matumba a PICS otsekera nankafumbwe, ndiponso akumva za chuku cha mu mtedza. Koma tomato, mango, kabichi, nthochi ndi usipa wauwisi zilibe mwini zikangokwera galimoto.

Pitani pa Lizulu kapena pa Jenda nyengo ya tomato wambiri. Mayi amathyola tomato atapsa kale, namuthira m'dengu lalikulu mpaka kusefukira. Madengu amasanjikizana pa lole, pamwamba pake n'kukhala anthu. Pofika mu Lilongwe, wa pansi yense waphwanyika, madzi akuchucha. Mayi uja amayamba kusankha: wabwino pa mulu, wophwanyika kwa ophika pamtengo wolira, wotsala kuseri kwa msika kumene kukuchita ntchentche. Ndalama ya mbewu, mankhwala, madzi othirira ndi thiransipoti yathera pa dzala. Mu Disembala mango a ku Salima ndi m'madera ena a kunyanja amaonongeka chimodzimodzi, pamene miyezi ingapo kutsogolo timagula juwisi wochokera kunja.

Bungwe la FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi, linanena mu 2011 kuti chakudya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu cha dziko lonse lapansi chimatayika kapena kuonongeka. Mu 2014 atsogoleri a mu Africa anagwirizana ku Malabo, m'dziko la Equatorial Guinea, kuti kuonongeka kwa zokolola kuchepe ndi theka pofika 2025. Chakacho chinafika, koma wogulitsa pa msika sanamvepo kuti iye achite chiyani.

Chimene chimandipweteka n'chakuti njira zina n'zodziwika kale ndipo si zodula. Tomato wopita kutali athyoledwe atangoyamba kufiira. Makireti apulasitiki amapirira kusanjikiza kusiyana ndi dengu. Kanyumba ka njerwa ka makoma awiri, pakati pake mchenga wonyowa, kamaziziritsa masamba popanda magetsi. Kunyanja ayesapo matenti oumitsira nsomba ndi dzuwa, usipa n'kuuma osagwa mchenga. Ndipo amayi athu akhala akupanga mfutso kuyambira kalekale, nzeru imene asayansi anu angathe kuiwongolera kuti masamba asataye zakudya zake pouma. Zambiri mwa izi zalembedwa m'Chingerezi, m'mabuku a ophunzira a chaka chomaliza, amene venda sadzawatsegula.

Ife a malesitilanti tili ndi mafunso athuathu. Nsima ndi mpunga zotsala madzulo tizitani nazo kuti zisadwalitse munthu? Mafuta a pa chiwaya tiwagwiritse ntchito kangati? Magetsi akathima tsiku lonse, nyama ya mufiriji yaonongeka pa ola liti? Makoko a mbatatesi ndi zotsala m'mbale zipite ku nkhumba, ku manyowa, kapena zipange gasi wophikira? Timayankha mongoganiza, ndipo nthawi zina wolipira ndi kasitomala amene wagona ndi m'mimba.

Choncho ndikupempha kuti ophunzira ena a chaka chomaliza azichita kafukufuku wawo pa misika ndi m'makhitchini, akuyeza pa sikelo zimene zikutayidwa, pamodzi ndi makomiti a misika ndi makhonsolo. Aliyense akamaliza alembe tsamba limodzi m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, loti liwerengedwe pa wailesi za m'madera ndi kutumizidwa pa WhatsApp. Ndipo pa maphunziro a alangizi, kasamalidwe ka zokolola zosachedwa kuwola kapatsidwe nthawi yofanana ndi ya kalimidwe. Ophunzira anu akabwera, khitchini yanga ndi yotsegula, ndipo ndikudziwa anzanga ambiri amene angawalandire.

Ine wanu,
Mwini lesitilanti yaing'ono, Ntcheu