Owedza mu Bua, mbedza iziyenerana ndi nsomba

Akonzi,

Ndiloleni ndilangizeko owedza mumtsinje wa Bua. Ambiri amabwerako chimanjamanja chifukwa amafuna mbedza imodzi yomweyo ikole mlamba ndi makumba omwe.

Mlamba umadyera pansi ndipo umatsata fungo. Mangani mbedza ya nambala 2 kapena 4, kamtovu kakhale masentimita 30 pamwamba pake, nyambo ikhale nyongolotsi zingapo kapena matumbo a nkhuku. Ponyani nthawi ya madzulo, makamaka madzi akada ndi mvula. Chingwe chikangogwedera musathamangire kutsomphola, umayamba walawa kaye, dikirani chikungike. Pochotsa mbedza samalani minga ya m'mbali ija, imabaya koopsa.

Makumba ali ndi kukamwa kwakung'ono, ndiye amafuna mbedza yaing'ono ya nambala 10, chingwe chopyapyala ndi kabango koyandama.

Wowerenga wanu,
Kasungu