Msewu umalimba ndi dothi la pansi pake

A Mkonzi,

Zimatipweteka kuona msewu watsopano ukukumbika mvula yoyamba, chonsecho vuto lili pansi pa phula: dothi silinatsindiridwe bwino. Likauma kwambiri, timibulu take sitilowana ngakhale rola idutse kangati. Madzi akachuluka, limangoterera ngati phala. Chinyezi choyenera amachipeza ndi mayeso a dothi a ku labotale otchedwa Proctor, amene anayamba mu 1933.

Makontirakitala, tsindirani gawo limodzilimodzi, lililonse lisapose mamilimita 150 kuchindikala kwake, ndipo muliyese lifike 95 peresenti ya kulimba kopezeka ku labotale musanathire lina. Fumbatani dothilo m'manja: ligwirane, koma lisanyowetse chikhato. Makande a ku Chikwawa, otupa akanyowa ndi kung'aluka akauma, yambani mwawachotsa.

Akatswiri a misewu,
Blantyre