Mapoto osungunula ndi abwino koma tisamale ndi mtovu

Bwana Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko za anyamata athu omwe akuumba mapoto ndi masefuliya kuchokera ku zitsulo zakutha kuno ku Kasungu. Ntchito yawo ine ndimaiyamikira kwambiri, anyamata amenewa sakuba, akudya thukuta lawo, komanso mapoto awo ndi olimba moti nsima ya pamaliro kapena pachinkhoswe timaphikira momwemo.

Amene sanaonepo apite akaone. Amatenga mchenga wonyowa pang'ono nkuutsendera mubokosi mozungulira poto wakale, akachotsa potoyo pamatsala chikombole, kenako amathiramo aluminiyamu wosungunuka ali nyezinyezi ngati madzi. Mwana wanga anandifunsa kuti nanga mchengawo bwanji susungunuka nawo? Nkhani yake ndiyoti aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660 basi, moto wamakala ukaupemerera bwino umafika pamenepo mosavuta, pomwe mchenga umafuna madigiri pafupifupi 1,700 kuposa ngakhale chitsulo chenicheni chomwe chimasungunuka pa 1,538. Ndiye mchenga umangokhala phee, olo uvuni wanjerwa sungautani. Opanga magalasi kufakitale nawonso amachita kuthiramo soda ndi laimu kuti usungunuke msanga.

Koma chomwe chandilembetsa kalatayi ndi mtovu. Mtovu uja wa m'mabatire a galimoto umasungunuka pa madigiri 327 okha, kutanthauza kuti aluminiyamu asanayambe nkomwe kufewa iwo wasanduka kale madzi. Tsono tikaona zomwe zimalowa mum'phika wosungunuliramo, muli zitini, mapisitoni a injini, maradiyeta, zidutswa zomwe anaziwotcherera, chilichonse chooneka choyera chimaponyedwa momwemo, ndipo ngati china chili ndi mtovu palibe angauonenso chifukwa wasakanikirana, poto amatuluka wokongola bwinobwino mayi nkugula nkukaphikira ndiwo za matimati, ndipo zakudya zowawasa ngati zimenezi ndi zomwe zimasukulula mtovuwo kwambiri.

Mtovu supweteka lero ndi lero ayi. Umaunjikana m'thupi pang'onopang'ono, ndipo amene amavutika kwambiri ndi ana ang'onoang'ono ndi amayi oyembekezera. Umaononga ubongo, mwana amakula movutika kugwira zakusukulu, ife nkumamukalipira kuti ndi waulesi. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi omwe tinganene kuti ndi wosaopsa. Zimandiwawa kwambiri ndikaganiza kuti phala lamwana likhoza kuphikidwa m'poto wotere tsiku ndi tsiku.

Osungunulawonso ali pachiopsezo, amapuma utsi ndi fumbi limenelo opanda chotchinga kukamwa, ena amaphwanya mabatire ndi manja asidi nkumatayikira pansi pomwe ana akusewera.

Sindikunena kuti atsekeredwe bizinesi, ayi ndithu, akadya chiyani? Pempho langa ndi loti a Malawi Bureau of Standards abwere adzatengeko mapoto ena m'misika yathu, kuno pa boma, kwa Chinkhoma ngakhale ku Santhe, akawayeze ndipo zotsatira atiuze pa wailesi m'Chichewa. A TEVETA nawo awaphunzitse anyamatawa kusankha zitsulo, zopangira mapoto zikhale pazokha, za injini ndi mabatire zisayandikireko.

Kholo lokhudzidwa,
Kasungu