Tengani Magazi Musanapereke Maantibayotiki

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yowerenga DNA (malangizo a chibadwa a m'kati mwa chamoyo chilichonse) ya mabakiteriya osamva mankhwala amene amagwira mavavu a mtima, tizitseko toletsa magazi kubwerera m'mbuyo. Ndimagwira ntchito mu labotale, yomeretsa tizilombo topezeka m'magazi a odwala, ndiye nkhaniyi ili pamtima panga.

Matendawa madokotala amawatcha endocarditis. Mabakiteriya akalowa m'magazi kudzera pabala, m'nkhama, kapena pa kanula wokhalitsa pamkono, amakamatirira pa vavu, makamaka imene inawonongeka kale ndi rheumatic fever (matenda obwera pambuyo pa zilonda zapakhosi) kapena yochita kuikidwa pa opaleshoni. Pamenepo amaunjikana m'kachibulumwa ka magazi oundana, momwe mankhwala amavutika kulowa. N'chifukwa chake wodwala amalandira maantibayotiki a pamtsempha kwa milungu 4 mpaka 6. Kachidutswa ka kachibulumwako kakathothoka kangathe kukatseka mtsempha wa mu ubongo. Ngakhale m'zipatala zokhala ndi zida zonse, pafupifupi mmodzi mwa odwala asanu alionse amamwalira.

Tikameretsa kachilombo m'mbale, timaona mankhwala amene akukapha ndi amene akulephera. DNA imatiuza chifukwa chake. DNA ya bakiteriya wotchedwa Staphylococcus aureus ili ndi zilembo pafupifupi 2.8 miliyoni, ndipo asayansi a ku Japan anafalitsa yonse mu 2001. Tikapezamo jini (kachigawo ka DNA) ya mecA timadziwa kuti antibayotiki wa methicillin ndi mankhwala ofanana naye sagwira. Bakiteriya wosamva methicillin ameneyo ndiye amatchedwa MRSA, amene anayamba kuoneka ku England mu 1961. Tikapeza jini ya vanA mu bakiteriya wina wotchedwa Enterococcus, antibayotiki wa vancomycin wagwa m'madzi. Wodwala akabweranso patapita miyezi thupi litatenthanso, DNA imasonyeza ngati ndi kachilombo komwe kaja kamene kanabisala pa vavu, kapena ndi kena katsopano. Kwa dokotala amene akuganiza zong'amba chifuwa cha munthu, kusiyana kumeneku ndi kwakukulu zedi.

Chitsanzo chimene sindichiiwala ndi cha bakiteriya wotchedwa Mycobacterium chimaera. Anthu ochitidwa opaleshoni ya mtima ku Switzerland, Germany, Netherlands ndi ku America ankadwala patatha miyezi, ena zaka, atatuluka m'chipatala. Atayerekeza DNA ya tizilombo ta odwala a m'mayiko osiyanasiyanawa, anapeza kuti n'tofanana kwambiri, ndipo gwero linali fakitale ya ku Germany yopanga makina otenthetsa ndi kuziziritsa magazi pa opaleshoni. Mbale yokha sikanaulula zimenezo.

Koma dandaulo langa ndi ili. Makina owerengera DNA amafuna kachilombo koti awerenge. Kawirikawiri botolo la magazi limafika kwa ife wodwala atamwa kale maantibayotiki amene anagula yekha, kapena atabayidwa kale antibayotiki wa ceftriaxone pofika kuchipatala. Botololo timalisunga m'chofungatira masiku asanu, timaliyang'ana m'mawa uliwonse, osamera kanthu, pomwe munthu ali kuwodi mtima ukuliralira. Zimandiwawa kulemba kuti "palibe chamera" ndikudziwa kuti kachilombo kalipo ndithu. Inde, DNA ingapezekenso pa vavu yochotsedwa pa opaleshoni, koma si odwala onse amafika pamenepo.

Choncho ndikupempha madokotala ndi anamwino: munthu wotentha thupi kwa nthawi yaitali, wokhala ndi mbiri ya vuto la vavu, mutengeni magazi katatu, pamalo osiyana, musanamupatse mlingo woyamba, pokhapokha ngati ali kayakaya moti simungadikire. Anzanga a m'malabotale, kachilombo kakamera tisakataye tikangopereka zotsatira. Tikasunge mufiriji yozizira madigiri -80 Celsius tili titalemba tsiku ndi nambala ya wodwala. Ndipo amene mumagawa ndalama za zaumoyo, pogula makina a DNA muziwerengeranso mabotolo omeretsera magazi ndi magetsi osazima a firijiyo.

Ine,
Wogwira ntchito mu labotale