Kuzungulira dziko pamadzi ndi pamtunda nkotheka, tiyambire pa Ilala

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya maulendo, chifukwa achinyamata ambiri kuno ukawafunsa za kuona maiko amangoti aaa zimenezo nza anthu okwera ndege, ife tilibe nazo gawo. Ine ndikukana ndithu. Dziko lonse lapansili munthu atha kulizungulira osakwera ndege ngakhale kamodzi, pa sitima zapamadzi, sitima zapanjanji ndi mabasi basi, ndipo alipo anachita kale.

Pali bambo wina wa ku Denmark, Thor Pedersen, ananyamuka kwawo mu 2013 nkufika dziko lililonse la pansi pano osakwera ndege, anamaliza mu 2023 ku Maldives. Zaka pafupifupi 10 ali panjira, mpaka anatsekeredwa ku Hong Kong zaka ziwiri nthawi ya Covid ija koma sanagonje. Nyanja zikuluzikulu ankaoloka pa sitima zonyamula makontena, pamtunda ndiye mabasi ndi minibasi zomwezi timakwera ifezi, ndipo ndalama yomwe anadziikira inali madola 20 patsiku. Ndiye musandiuze kuti nza mabwana okhaokha.

Za mabwana zilipo inde, masitima akuluakulu aja amati cruise. Ambiri ozungulira dziko amanyamuka mu Januwale nkutha miyezi itatu kapena inayi ali panyanja, kudutsa ngalande ya Panama, kenako Pacific, Australia, Asia mpaka kubwerera komwe anachokera. Ina yotchedwa Serenade of the Seas inanyamuka ku Miami mu Disembala 2023 ulendo wa masiku oposa 270. Kale ambiri ankadzera ku ngalande ya Suez koma chiyambireni kuwomberedwa kwa sitima pa Red Sea ambiri anayamba kuzungulira kummwera kwa Africa kuno, kuima pa Durban ndi Cape Town.

Ineyo ndinalawako pang'ono chabe. Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito ku Durban, ndiye anasunga ndalama nkunditengera pa kaulendo ka masiku ochepa kopita ku Portuguese Island kufupi ndi Maputo. Ndisaname, zinthu nzokongola, sitima ngati tauni yathunthu, zakudya nthawi iliyonse, malo osambira pamwamba, chipinda chako chokonzedwa bwino tsiku ndi tsiku, ndipo anyamata ndi atsikana ogwira ntchito mmenemo, ambiri a ku Philippines, Indonesia ndi India, amagwira ntchito molimbika mpaka kumva nawo chisoni poganiza kuti miyezi yambiri saona ana awo. Koma chomwe chinandikhudza nchakuti pamtunda umangotsika maola ochepa, kujambula zithunzi, kugula kachipewa, kenako akuti tiyeni tibwerere. Mozambique ndinaiona ndi maso okha, sindinacheze ndi munthu wa kumeneko mpaka kudziwa kuti amadya chani kapena chimamusowetsa tulo nchani. Sitima yotere imakuolotsa nyanja bwino kwambiri, apo sinditsutsa, koma dziko lenilenilo umalidziwa pa basi.

Ndikunena chonchi chifukwa ulendo womwe sindidzaiwala unayambira pa Monkey Bay pompa, pa Ilala yathuyi. Sitima imeneyi inapangidwa ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa nkudzalumikizidwa konkuno, ndipo yakhala ikuyenda panyanja yathu kuyambira 1951. Pansi paja mumakhala moyo weniweni, matumba a chimanga, usipa wouma, malata, njinga, nkhuku, amayi atayala zitenje ana ali mtulo, wina akuyankhula Chitonga wina Chiyao wina Chitumbuka koma nonse mukumvana. Pamalo pomwe palibe doko sitima imaima patali ndiye anthu amatsikira m'maboti ang'onoang'ono, katundu kumapatsirana pamutu, nthawi zina usiku ndi matochi. Pa Likoma ndinatsika kukaona tchalitchi chachikulu cha St Peter's chija, kenako Chizumulu, mpaka Nkhata Bay. Mwera utauka pakati pa nyanja mayi wina yemwe sindinkamudziwa nkomwe anandipatsa ndimu kuti ndizinunkhiza ndisachite nseru, ndipo mpaka lero ndimamukumbukira.

Kuchoka apo minibasi mpaka Mzuzu, ina mpaka Karonga, boda ya Songwe kuoloka wapansi, kenako basi kudzera Tukuyu kwa nthochi zambiri kuja mpaka Mbeya. Pamenepo nde ndinakwera TAZARA, njanji yomwe anamanga ma China m'zaka za m'ma 1970, yotalika makilomita 1,860 kuchokera Kapiri Mposhi ku Zambia mpaka Dar es Salaam. Umagona momwemo, kudya wali momwemo, pa siteshoni iliyonse amayi akugulitsa nthochi ndi chimanga chootcha pawindo, ndipo imadutsa m'nkhalango ya nyama moti ukakhala ndi mwayi umaona nyamalikiti uli pampando. Pa Dar boti la maola awiri okha wafika Zanzibar. Ulendo wonsewo pasipoti yathu yomweyi, opanda viza.

Viza nde vuto lenileni, kuposa ngakhale ndalama ya tikiti. Njira zilipo, sitima yapamadzi ya Queen Mary 2 imaoloka kuchokera Southampton ku England kupita New York masiku 7, sitima yapanjanji ya Trans-Siberian imachoka Moscow mpaka Vladivostok makilomita oposa 9,000 pafupifupi sabata yathunthu, koma Mmalawi kuti akakwere zimenezo ayenera kupempha chilolezo dziko ndi dziko, mafomu, ma bank statement, ndalama zosabwezedwa ukakanidwa. Mu 2025 America inafika mpaka ponena kuti Amalawi ndi a ku Zambia ofuna viza yokacheza azipereka kaye chikole chofika madola 15,000. Mzungu uja wa ku Denmark pasipoti yake inkamutsegulira zitseko zambiri zomwe ifeyo tingagogode mpaka manja kutupa, izi tisabisane. Nchifukwa chake ndimati tiyambe ndi maiko otizungulirawa komwe timalowa mosavuta, Tanzania, Zambia, Mozambique, mpaka Cape Town pa basi.

Pempho langa kwa aboma ndi onse oyendetsa za maulendo nlakuti nyanja yathuyi aiganizire. Ilala yadutsa zaka 70 ikugwira ntchito, ikufunika inzake yatsopano yoithandiza, chifukwa kwa anthu a pa Likoma, Chizumulu ndi midzi ngati Ruarwe sitima sichinthu chosangalalira ayi, ndiye msewu wawo. Madoko amangidwe kuti agogo asamatsike m'madzi ofika m'chiuno, ndandanda ya nthawi izipezeka mosavuta pa foni, ndipo masukulu azitenga ana kukakwera ngakhale kuchoka Nkhotakota kufika Nkhata Bay kokha. Chaka chamawa Mulungu akalola ndikufuna kutenga adzukulu anga awiri, tidzakwere pa Monkey Bay ulendo uno mpaka Chilumba.

Wowerenga wanu,
Nkhotakota