Amwene, musanagule zitini zija werengani kaye

Amwene,

Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndaumva, zikomo kwambiri powakumbukira madala. Mwati mukufuna kutumiza zitini za Ensure, chakumwa chowonjezera mphamvu m'thupi chija, pa basi yochokera ku Johannesburg, koma dikirani kaye ndikuuzeni zomwe ndaona mwezi uno.

Atawapeza ndi TB, kuchipatala anawakweza pasikelo n'kuwayeza mkono ndi kalamba koyezera kuonda kaja, anali atatha thupi moti anatipatsa chiponde. Mukuchidziwa inu, mtedza wopera, mkaka waufa, shuga, mafuta ndi mavitamini, kapaketi ka magalamu 92 kamakhala ndi ma calorie 500, ndiye kwa munthu amene mbamu ziwiri za nsima zikumukanika ndi chithandizo chachikulu zedi. Mtima wanga unakhala pansi.

Masiku atatu oyamba anadya. Kenako poyalula ndinapeza mapaketi awiri otsegula pansi pa pilo, nyerere zitadzaza. Ndinawakalipira amwene, ndipo mpaka lero zimandipweteka. Iwo anangondiyang'ana, amvekere "mwanawe, chimenechi chikundimata kukhosi, komanso chatsekemeretsa, ine si mwana." Nditawaunika mkamwa ndi tochi ya foni ndinapeza lilime lonse layera mbuu, zilonda mpaka m'masaya, ndiye tangoganizani kumeza chinthu chomata chonchija, mseru wa mapilitsi uli pomwepo, mapilitsinso oti amwa miyezi 6 yathunthu. Komanso munthu wakulira usipa, utaka ndi chambo, pakamwa pake panazolowera zamchere, zotsekemera amangolawa pa tiyi basi.

Kutentha kwa kuno nakonso mukukudziwa, masana ku Mangochi boma kuno ngakhale mphepo yochokera ku Shire imabwera yotentha. Mafuta a chiponde amayandama pamwamba, pansi n'kutsala cholimba ngati dothi, ndiye akang'amba paketi choyamba kufika pakamwa chinali mafuta ofunda okhaokha. Ndani angapitirize?

A nesi ndi amene anatithandiza. Anawapatsa mankhwala a mkamwa, n'kundiuza kuti ndizifinyafinya kaye paketi ndisanatsegule, ndisamathiremo madzi chifukwa chimawonongeka msanga, koma kapu ya madzi ikhale pambali azimwera. Anatinso ndikhoza kusakaniza m'phala lopsa kale bola adye nthawi yomweyo. Pano mapaketi ndimasunga pafupi ndi mtsuko pozizira, m'mawa ndimatakasira theka m'phala la mgaiwa lamadzimadzi lothira kamchere, theka linalo amadya pang'onopang'ono madzulo kukazizira. Akumaliza paketi yathunthu pa tsiku osakangana nawo, dzulo anachita kufunsa okha kuti phala lija lili kuti.

Ndiye za Ensure zo, sindikukana ayi, mwina chifukwa ndi chakumwa chingadutse bwino kukhosi kusiyana ndi chiponde. Koma nachonso n'chotsekemera, fungo la vanilla lija sindikhulupirira kuti aligwirizana nalo, ndipo ndalama zanu mumazipeza movutikira kumeneko. Gulani kachitini kamodzi kakang'ono alawe kaye, akakakonda ndikuuzani muwonjezere. Zotsalazo mungotumiza pa Airtel Money ndiziwagulira mazira, mkaka ndi usipa wauwisi wa msuzi, umenewo ndiye amamwa mpaka kupendeketsa mbale.

Lachiwiri tikubwereranso kusikelo, ndikutumizirani chithunzi cha kabuku kawo muone nokha makilo. Muwaimbire Lamlungu madzulo, amakufunsani tsiku ndi tsiku.

Ndine mnzanu wa ku Mangochi.