Kalata yochokera ku chilumba cha St Helena

Mphwanga wokondedwa,

Muli bwanji kumeneko ku Chipata, iwe, amayi ako ndi agogo? Ine ndili bwino. Ndikulemba ndili ku Jamestown, katauni ka pa chilumba cha St Helena, pakati pa nyanja ya Atlantic. Mawu akakuvuta, amayi ako akuwerengere.

Amayi ako akuti unafunsa kuti, "Kodi kukada amalume amakocheza pati bwato kuti agone?" Akutinso nditanyamuka sunkadya bwino chifukwa cha nkhawa. Mvera tsono ndikuuze, mtima ukhale pansi.

Pokocheza palibe. Kuchoka ku Cape Town kufika kuno ndi makilomita oposa 3,000, ulendo wa Chipata mpaka Lusaka kasanu n'kuwonjezapo, ndipo njira yonseyo ndi madzi okhaokha. Nangula sangagwire pansi, pakuti malo ambiri kuya kwake kumapitirira makilomita 4. Choncho bwato limayenda usana ndi usiku. Injini ilimo koma sitiilizaliza. Chimene chimatikankha ndi mphepo ikadzaza matanga, nsalu zazikulu zolimba zomangidwa pa mlongoti. M'chigawo chino mphepo imaomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa, kumbuyo kwathu, n'chifukwa chake amalinyero amakonda njira imeneyi. Liwiro lathu ndi makilomita ngati 11 pa ola. Munthu wopalasa njinga pa msewu wa ku Mwami angatisiye kutali, koma iye amatopa n'kupuma, ife ayi.

Nanga timagona bwanji? Timalandizana. Ena akagona, mmodzi amakhala maso kunja kwa maola atatu, kenako amadzutsa mnzake. Palibe mphindi imene tonse timagona. Nthawi yanga ikakwana ndimavala jekete yoyandamitsa, n'kudzikoleka ku bwato ndi lamba wolimba, kuti ngakhale funde litandikankha ndisagwere m'madzi. Lamulo limeneli kaputeni wathu sachita nalo masewera, ndipo ine ndimamuyamikira. Ndikakhala pa chiwongolero ndimaimirira kawirikawiri kuunguza mbali zonse. Sitima iliyonse usiku imayatsa nyale yofiira kumanzere ndi yobiriwira kumanja, ndiye ukaona mtundu wa nyale umadziwa kumene ikulowera. Bedi langa ndi lopapatiza, ndipo m'mbali mwake timamangamo chinsalu kuti munthu asakunkhunizike bwato likapendama.

Usiku wopanda mwezi ndimakukumbukira kwambiri, chifukwa pali chinthu chimene ndikanakonda uchione ndi maso ako. Madzi amayaka, mphwanga! Kumbuyo kwa bwato kumatsala mzere wobiriwira, waliwali. M'madzimo muli tizamoyo tating'ono kwambiri timene timawala tikagwedezeka. Ndinatunga mu ndowa n'kuvundula ndi dzanja, zala zanga zonse zinali ng'aning'ani, koma osatentha.

M'mawa ntchito yoyamba ndi kutola nsomba pabwato. Inde, kutola. Kuno kuli nsomba zouluka, zotalika ngati dzanja la munthu wamkulu, zokhala ndi zipsepse zazitali. Zikamathawa nsomba zazikulu zimavuuka, kutambasula zipsepsezo n'kuyandama m'mwamba kamtunda ndithu, ndipo zina usiku zimagwera mwathu. Zimanunkha, mamba ake amamatirira paliponse, koma zokazinga n'zokoma.

Ufa ndinagula ku Cape Town, sindikanalola kuwoloka nyanja wopanda nsima. Chitofu chathu n'cholendewera, chimapendama chokha kuti poto akhale chilili, ndipo potoyo timamupana ndi tizitsulo tiwiri. Povundula ndimatangadza miyendo, msana kutsamira khoma, dzanja lina pa mthiko lina pogwirira. Phala likamalumpha bwato nalo likulumpha, ndiye maso amafunika. Anzanga a mayiko ena anayamba ndi supuni, tsopano akudziwa kukanya mbamu ndi manja. Masiku oyamba ambiri sitinkadya, nseru ndi chizungulire zinatigwira, koma thupi limazolowera.

Chosowa kwambiri ndi madzi akumwa. Ukudabwa, si choncho? Madzi ali ponseponse koma ndi amchere, ukamwa ludzu limangokula. Abwino tinanyamula m'mathanki, ndiye timawasamala zedi. Mbale timatsuka ndi a m'nyanja, n'kutsukuluza ndi abwino pang'ono chabe. Kusamba ndi ndowa ya madzi amchere, pomaliza kapu imodzi kapena ziwiri za abwino kuchotsa mchere pakhungu. Mvula ikabwera tonse timathamangira kunja ndi sopo.

Titafika kuno ndinaponda pansi n'kuyamba kudzandira, nthaka ikuoneka ngati ikuyenda, poti miyendo inali itazolowera mafunde. Pali masitepe 699 okwera phiri kuchokera m'tauni, dzina lake Jacob's Ladder. Ndinakwera, mawondo akuwawa mpaka lero. Ndinakaonanso fulu wamkulu dzina lake Jonathan, amene akuti anabadwa cha m'ma 1832. Anamubweretsa kuno kuchokera ku Seychelles mu 1882 ali kale wamkulu. Maso ake saona, koma amadya ndithu, ndipo anthu a kuno amamusamala kwambiri. Ufunse agogo ngati anamvapo za fulu wokalamba chotero.

Tikatunga madzi ndi kugula mbatata ndi anyezi tinyamuka kupita ku Salvador, m'dziko la Brazil. Ulendo umenewo ndi wautali kuposa woyambawu, ndipo pa nyanja foni yanga sigwira. Ukaona masabata akupita ndili zii, usalire, udziwe kuti tikuyenda, ndipo ndikagona pali mnzanga amene ali maso. Uzidya, uzipita kusukulu. Undijambulire bwato la matanga awiri papepala, amayi ako alitumize pa WhatsApp, ndidzalipeza ndikafika. Upereke moni kwa agogo, uwauze kuti nsinjiro zimene anandipatsa zikadalipo.

Ndine,
Malume ako